Nyemba Zophikira m'Bafa

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paliponse, ndipo ulendo uliwonse amathiramo mchere wake. Ndiye ndaona kuti kuli bwino ndidzichititse manyazi ndekha, mwadongosolo, zoona zokhazokha.

Ine ndine munthu wosamala, zimenezo sindikana. Chibadwire mwana wathu Tadala, madzi akumwa ndimawiritsa kawiri, ndipo ndikagula mankhwala ndimawerenga kapepala kam'kati mpaka mzere womaliza. Anzanga pa Nsaru pano amati ndine wamantha. Ine ndimati ndinafika Folomu 4, ndimadziwa mmene ngozi zimayambira.

Tadala atakwanitsa miyezi inayi tinapempha ubatizo kutchalitchi. Kwathu kuno dzina la mwana silingolembedwa chisawawa. Akulu a mpingo amayamba abwera kunyumba kudzaona mmene banja likukhalira, ndipo akapeza zokayikitsa ubatizo umaimitsidwa. Anatiuza kuti Loweruka masana kubwera anthu awiri: a Chikadza, mkulu wa mpingo wa dera lathu, ndi mayi Naphiri, mtsogoleri wa amayi.

Mkazi wanga Esinati anati alendowo adzadya mpunga ndi nyemba za kayera, zoyera zing'onozing'ono zija. Anaziviika Lachisanu. Loweruka m'mawa anatulutsa mphika wamagetsi womwe mkulu wake wa kutauni anatipatsa, uja amati pressure cooker. Anathiramo nyemba ndi madzi, anatseka chivundikiro, n'kudina batani.

"Mphindi makumi atatu zikhala zitapsa," anatero. "Ine ndikukagula tomato ndi anyezi. Inu abambo a Tadala ntchito yanu ndi imodzi: musaukhudze."

"Ndamva."

Atangotuluka ndinatenga kabuku ka mphikawo. Tsamba loyamba: WARNING. Lachiwiri: WARNING. Lachitatu linali ndi chithunzi cha kamwana atakadula ndi mzere wofiira. Ndinayang'ana mphika, ndinayang'ana Tadala ali m'tulo pamphasa. Nyumba yathu ya lendi ili ndi soketi imodzi yokha, pabalaza pomwepo.

Kenako mphika unayamba kulira. Tsiii!

Ndinazimitsa msanga. Ndinakhala pansi n'kuganiza ngati bambo. Pakhomo pano, malo akutali kwambiri ndi mwana ndi ati? Bafa. Lili kuseri, ndi la njerwa, lilibe denga. Mphikawo ukaphulika upita kumwamba.

Ndinabwereka chingwe chachitali chamagetsi, chija amati extension, kwa mnansi wathu wometa tsitsi. Ndinayala njerwa zinayi m'bafamo, ndinakhazikapo mphika, n'kudinanso batani lomwe lija. Chingwe ndinachikoleka pamsomali kuti chisagunde pansi ponyowa.

Ndikanalekera pomwepa, bwenzi lero ndili munthu wolemekezeka.

Koma ndinaona kuti kanthunzi kotuluka pachivundikiro kakulowera cha kuzenera la kuchipinda kwathu. Ndinatola paipi yachitsulo yomwe eni nyumba anasiya kuseriko, ndinaitsamiritsa pamwamba pa kabowo ka nthunzi, mbali inayo n'kuitsitsira cha kumpanda. Nthunzi inamvera. Vuto linali lakuti kumapeto kwa paipiyo kunayamba kudontha timadzi, pafupi ndi chingwe chamagetsi. Madzi ndi magetsi sizimwerana madzi, zimenezo tinaphunzira kusukulu. Ndinatcherapo botolo. Pomaliza ndinatchinga khomo la bafa ndi chiguduli kuti nkhuku zisalowe.

Ndinaima chapatali n'kuyang'ana ntchito yanga. Kunena zoona, ndinadziona ngati injiniya.

"Odi kuno!"

Alendo anafika nthawi isanakwane. A Chikadza ndi munthu wamtali, mphunzitsi wopuma ntchito, wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mayi Naphiri atangolowa ananyamula Tadala, yemwe anali atadzuka, n'kuyamba kusewera naye. Tinapemphera. Kenako mafunso anayamba. Kodi timawerenga Mawu pabanja? Timawerenga. Kodi timakangana? Pang'ono, ngati anthu onse. Kodi mowa umalowa m'nyumba muno?

"Ngakhale fungo lake, abambo," ndinayankha ndi chifuwa chonse.

A Chikadza anagwedeza mutu mokhutira. Anatulutsa kope ndi bolopeni, koma asanalembe anadzuka.

"A Mbewe, tandilozerani kuseri ndikataye madzi."

Chimbudzi chathu ndi bafa n'zogundana khoma.

"Kuseri ayi!" Ndinalumpha n'kuima pakhomo. "Ndikuperekezeni kwa aneba."

"Kwa aneba? Kwanu kwatani?"

"Kuli kantchito pang'ono. Si bwino kuyandikirako."

Mukhoza kufunsa kuti bwanji sindinangonena zoona. Koma inu mungauze bwanji mkulu wa mpingo kuti ndiwo zake zili m'bafa?

A Chikadza anayang'ana mayi Naphiri. Mayi Naphiri anayang'ana a Chikadza. Ndiye kuseri kunamveka: tsiii!

Mkuluyo anandikankhira pambali mwaulemu ndi chala chimodzi, natsata chingwe kuchokera pasoketi mpaka kubafa. Anatukula chiguduli ndi nsonga ya ambulera yawo.

"Mayi Naphiri," anaitana, "tabwerani mudzakhale mboni."

Mayiwo anabwera mwana ali m'manja, anasuzumira, nabwerera m'mbuyo.

"Kalanga ine! A Mbewe! Pakamwa pomwepa mwangonena kuti ngakhale fungo lake!"

Apa m'pamene ndinayang'ana ntchito yanga ija ndi maso awo. Chitsulo chotentha pa njerwa. Paipi. Botolo. Timadzi toyera tikudontha, do, do, do. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa chimene chimapangidwa motero, mobisa, kuseri kwa chiguduli.

"Otcheza kachasu ndawaona ambiri," anatero a Chikadza pang'onopang'ono. "Wa kudimba ndamuona. Wa m'chigafa cha fodya ndamuona. Koma wa magetsi ndayamba kumuona lero."

"Abambo, ndi nyemba!"

"Kachasu wa nyemba?" anafuula mayi Naphiri. "Dziko lafika pamenepa eti?"

"Ayi mayi, ndiwo! Ndiwo zanu!"

"Zathu?"

"Ngati ndi nyemba," anatero a Chikadza, "vundukulani tione."

Ndinayandikira chammbali ngati munthu wofuna kumasula galu wa eni. Ndinagwira chivundikiro ndi zala ziwiri. Osasuntha. Ndinayesanso. Osasuntha.

"Sukutseguka, abambo. Ukatentha umadzikhoma wokha."

"Mphika wodzikhoma wokha."

"Zili m'kabuku. Ndikatenge kabuku?"

"Kabuku kasiyeni."

"Ndiye nunkhizani botololo, chonde!"

A Chikadza anatola botolo, ananunkhiza, anatsinzina, nanunkhizanso.

"Sanayambe ukali," anaweruza. "Mwangoyatsa kumene."

Anabweza bolopeni m'thumba la jekete.

"Za ubatizo tiyambe taimika. Nkhaniyi ikamvedwe ndi akulu onse."

Agogo ake a Tadala ku Nambuma tinali titawauza kale tsiku. Kadiresi koyera kanali katasokedwa. Ndinaona kale dzina langa likulengezedwa kutsogolo kwa tchalitchi, anthu akutembenuka kuti andione bwino. Ndinagwada pomwepo, pakhomo la bafa.

Esinati anatipeza choncho. Anaima ndi jumbo ya tomato m'manja. Anayang'ana chingwe, paipi, botolo, kenako ine.

"Abambo a Tadala, ndinati chiyani pochoka?"

"Munati ndisaukhudze."

"Ndiye wayenda wokha?"

Iye anagwada, anapereka moni kwa alendo ngati palibe chachitika, nadzuka. Anachotsa paipi yanga n'kuiponya kumpanda. Anayang'ana manambala a pamphika, anati zapsa kalekale. Kenako anatola kamtengo n'kukankha kachotsekera kakang'ono ka pachivundikiro.

Pfuuuu!

Nthunzi inakwera kupitirira denga la chimbudzi!

Zimene zinachitika pambuyo pake ndinachita kuuzidwa. Ine ndinangozindikira ndili kumsewu, pafupi ndi okazinga tchipisi, patapata imodzi yokha kuphazi. Mwana amene ndinakhala ndikumuteteza m'mawa wonse ndinamusiya pomwepo, m'manja mwa mayi Naphiri. Akuti mwanayo ankangoisekerera nthunziyo.

"Mwathawa chiyani, bwana?" anafunsa wa tchipisi.

"Ndikungowongola miyendo."

Ndinabwerera mwakachetechete, ndikudutsa m'mbali mwa mpanda. Ndinapeza chivundikiro chili pambali. M'mphika munali nyemba zoyera, zofewa bwino, fungo lake lokoma mpaka kumsewu. Mayi Naphiri anali atakhala pa ndowa yovundikira, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mwabwerako, atate oteteza?" anatero. "Mwana wanu ali moyo, musadandaule."

Esinati anali atafotokoza zonse. A Chikadza sanaseke, koma jekete lawo linkagwedezeka m'mapewa. Anatulutsanso bolopeni ija, anatsamiritsa kope pakhoma la bafa, nalemba dzina la Tadala ndi zilembo zazikulu.

"Mwanayu abatizidwa pa tsiku lake," anatero. "Kachasu pano palibe, ndikanena ndine."

"Zikomo kwambiri abambo! Zikomo mayi!" Mphamvu zinabwerera. "Ndiye tiyeni m'nyumba. Mpunga suchedwa, ndiwo ndi izi zapsa kale."

A Chikadza anayang'ana mphika. Anayang'ana pansi pa bafa pobiriwira ndi ndere, chidutswa cha sopo pakona, ndi khoma la chimbudzi. Mayi Naphiri anayamba mwadzidzidzi kufunafuna chikwama chawo.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo akumanga batani la jekete, "mlandu mwapambana. Koma nyembazi ndi umboni, ndipo ife akulu a mpingo umboni sitidya."

Esinati nayenso anakana. Umboniwo ndinadya ndekha masiku atatu.

Ngozi ukaithawa ndi nzeru zochuluka, umapezeka waimangira nyumba kuseri.