Mnyanja Wosadziwa Kusambira

Mpaka lero ndikamadutsa pa damu la pafamu pathu, kufupi ndi Chinhoyi, ndimayang'ana kumbali. Ndilibe womuloza chala, pakamwa panga pomwepa ndi pamene panandipachika.

Anzathu achishona amati aliyense wolankhula Chinyanja ndi mwana wa m'madzi. Ine m'malo mowauza zoona, zaka zonsezi ndakhala ndikuthira mchere kubawa: "Ife kwathu mwana amasambira asanayambe kukwawa." (Kwathu kwake kuti? Ndinabadwira m'komboni momuno, za ku Malawi ndinkangozimva kwa malemu bambo.)

Ndiye kunatuluka ntchito yoyang'anira pampu ndi boti la padamu, yokhala ndi nyumba ya njerwa. Akazi anga, mayi a Tendai, anali atatopa ndi kutchera mabeseni m'nyumba mvula ikamagwa. Ndinalembetsa dzina msangamsanga.

Mu Ogasiti, mphepo ili kuuu, mwana wa bwana anabwera kuchokera ku Joni ndi chikaiti chachikulu ngati tenti ya pamaliro, komanso matabwa awiri a mpikisano. Munthu amaima pathabwa, kaiti n'kumamukoka pamadzi. Ankafuna kudziwa thabwa lothamanga kwambiri pamafunde, koma ankasowa wopikisana naye.

"Mudhara, akuti inu ndinu a kunyanja," anatero, kunditchula kuti madala m'Chishona. "Kwerani lopyapyalali. Mukangofika tsidya, ntchito ija ndi yanu."

Komboni yonse inali itasonkhana m'mbali mwa damu. Ndikanakana bwanji?

"Zazing'ono izo, bwana," ndinayankha.

Anandiveka jekete yoyandamitsa, n'kundimanga lamba m'chiuno, n'kundigwiritsa kamtengo ka zingwe za kaiti. "Zikavuta mukasiye kamtengoka. Musakoke, chifukwa mukakoka imawonjezera mphamvu." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Abale inu, ine ndinakula ndikuyendetsa ngolo. Ng'ombe ikathamanga umakoka chingwe, imaima. Manja angawa sadziwa lamulo lina. Kaiti itangodzaza mphepo, ndinakoka. Inalusa. Ndinakokanso ndi mphamvu zonse, uku ndikukuwa "Hoo! Hoo!" ngati ili ndi makutu. Pathabwa ndinaimapo nthawi yongokwana kuyetsemula, kenako lokha linapita kwake, ine kwanga. Damu lonse ndinaliwoloka chamimba, funde lililonse likundiwomba mbama, madzi amatope ndikumwa osafuna. Buluku linanditsanzika pakati pa ulendo. Ndinakatsakamira m'bango, pomwera ng'ombe.

Mwana wa bwana anandilondola pa boti. Sanaseke, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri.

"Mudhara, mumatha kusambira?"

"Ayi, bwana."

"Nanga nyanja ija?"

"Ndinaiona pa kalendala."

Tsidya ndinafikadi, koma pampu sangapatse munthu woti tsiku lina adzamuvuule ndi ukonde. Ntchito anapatsa a Zuze, a ku Tete, munthu wofatsa amene sanadzitamepo za Zambezi ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinalowa m'komboni nditamanga chitenje cha akazi anga. Mtima unandiwawa, ndipo sichinali chifukwa cha buluku.

Titakhala pansi kunyumba ndinayesa kuwaseketsa akazi anga. "Koma liwiro lokha ndinaonetsa, eti?"

Mayi a Tendai sanaseke. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kupumira m'mwamba.

"Bambo a Tendai, poti madzi mumawadziwa, chaka chino mbali yodontha mugona ndinu."

Ndinagonadi kumeneko mpaka Malichi, osadandaula ngakhale kamodzi.