Mmene Ndinacherezera Hatchi pa Ukwati wa Esinati

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Ulongwe pali anthu ena amene amalira ngati hatchi kumbuyo kwanga. Ndimawadziwa onse, ndipo ambiri mwa iwo anadya mpunga wanga tsiku limenelo. Ndiye ndati ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa nkhaniyi aipotoza mokwanira.

Mwana wa achemwali anga, Esinati, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Nkaya. Ine monga tsibweni wake ndinaimirira pamsonkhano wokonzekera ukwati n'kulengeza kuti mkwatibwi sadzafika pagalimoto ngati ana a anthu ena onse, iyayi, adzafika pahatchi. (Ndinali nditaziona pafoni. Mafoniwa adzatipha.) Akuchimuna anaseka. Kuseka kwawoko n'kumene kunandiumitsa mutu, moti galimoto imene anthu anali atapangana kale ndinaiuza kuti isabwere.

Hatchi ndinakaipeza pafamu ina cha ku Liwonde. Mwini wake anati nyamayo imayenda ndi munthu woisamalira, ndipo mtengo ndi wa onse awiri. Apa ndiye anandiputa pa ntchito yanga. Ine amene ndimatsitsa mtengo wa chimanga ngakhale mwezi wa njala, ndilipire munthu woti azidzangoonerera nyama ikutafuna? Tinakokanakokana mpaka wosamalira uja ndinamuchotsa pamtengo ngati mmene timachotsera kulemera kwa thumba pasikelo. Ndinabwerera kwathu ndikuimba mluzu.

Anaibweretsa Lachinayi palole, pamodzi ndi mitolo ya udzu wouma.

"Muziipatsa umenewu, ndipo madzi asamasowe. Musawonjezere kanthu, bwana," anatero dalaivala.

Ndinauyang'ana udzu uja. Wouma gwa, mtundu umene timafolera bafa. Mtima unandipsa. Anthu a pafamu aja ankationa ngati ndani? Pa Ulongwe pano, pamene malole amachokera kutali kudzapakira chimanga, mlendo wa paukwati azidya udzu akuchimuna akuona? Kwathu kuno mlendo timamuphera nkhuku, ngakhale ikhale yofungatira. Ndiye poti amayi amene ankakonza chisakasa cha madyerero anali kudandaula kuti udzu wofolera waperewera, ndinangowalozera mitolo ija. Anandithokoza mpaka kugwada.

Mlendo wanga ndinamuyamba ndi beseni la chimanga. Anaseseratu. Ndinamuwonjezera madeya onyowetsa, nawonso anapita. Lachisanu ndinamupatsa chimera chimene chinatsala pophika thobwa, kenako chimanga china, poti beseni lopanda kanthu limachititsa manyazi mwini khomo.

"Taonani mmene ikudyera!" ndinkauza aliyense wodutsa. "Kwawoko amaimana chakudya."

"Bambo a Chifundo," anatero mayi a kunyumba, "paja anthu aja anati musawonjezere kanthu."

"Mayi a Chifundo, inu munamvapo maliro a munthu wofa ndi kukhuta?"

(Anangoti "chabwino". Amuna anzanga, mkazi akati "chabwino" mwa mtundu umenewo, yambani kufunafuna pothawira.)

Loweruka m'mawa, tsiku la ukwati, ndinapeza hatchi ili thukuta kamukamu, mimba ili ndendende ngati ng'oma. Inkapalasa pansi, n'kumacheukira mimba yake, kenako inadzigwetsa n'kuyamba kugubuduka. Ndinaimbira alangizi a ziweto, a Matola, ndipo anafika panjinga yamoto fumbi lili koboo.

"Mwaipatsa chiyani, achimwene?"

"Chakudya."

"Chakudya chanji?"

Nditawatchulira zonse anavula chipewa n'kukhala pamwala.

"Achimwene, hatchi si nkhumba. Thupi ndi lalikulu, koma chifu chake n'chaching'ono. Imafuna udzu, pang'onopang'ono tsiku lonse, ndi madzi ambiri. Chimanga n'chongolawitsa, komanso mochita kuizoloweza. Zimene mwathiramozi zikuwira ngati mowa mumbiya, ndipo nyama imeneyi sisanza. Ikhoza kukuferani pakhomo pano."

"Nanga ngati n'zoipa imadyeranji?" ndinafunsa, chifukwa mlandu wonse sungagwere munthu mmodzi.

"Inu paukwati mumasiya kudya poti mwakhuta?"

Anaibaya jakisoni, n'kulamula kuti isagonenso pansi. Ndiziyenda nayo pang'onopang'ono mpaka mpweya utatuluka, ndipo pasapezeke woikwera.

"Udzu wake uli kuti?" anafunsa.

Ndinaloza denga la chisakasa. Anavalanso chipewa chawo.

Nthawi yomweyo achemwali anatulukira, chitenje chili m'chiuno ngati opita kunkhondo.

"Achimwene, mwana wanga wavala kale velo. Akwera chiyani?"

"Achemwali, mlendoyu wadwala pang'ono..."

"Wadwala kapena mwamudwalitsa? Munatiletsa galimoto inu! Mumubereke nokha kumsana mpaka kutchalitchi!"

Esinati anapita kutchalitchi pakabaza, diresi atalipinda pamiyendo, akuchimuna akululutira mokweza kuposa mmene ukwati umafunira. Ine, tsibweni wa mkwatibwi, mwini mbumba, ndili mu suti yobwereka, ndinkazungulira bwalo la mpira ndi chingwe m'manja dzuwa la ku Balaka likundiwotcha pankhongo. Malumbiro sindinawamve. Ndinkangonyengerera nyama ya eni ake kuti iphwise. Munthu wa msinkhu wanga!

Inadzaphwisa masana, ndipo inasankha nthawi. Tinkadutsa kuseri kwa chisakasa pamene woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti, "Tsopano timve mawu kuchokera kwa atsibweni a mkwatibwi!" Anthu anakhala chete kudikira mawuwo. Mawu anamvekadi, aatali, okhala ndi ndime zake. Gulu lonse linagwa nako kuseka, ndipo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Zikomo atsibweni, tamva!"

Hatchi ija itapepukidwa inaimika makutu, n'kundikoka ngati ndine thumba la makala mpaka pangodya ya chisakasa, pamene panakhala makolo a mkwati. Inatambasula khosi n'kuyamba kusolola denga, zinyalala zikugwera m'mbale zawo. Ndinalimbana nayo, koma bambo a mkwati, amene anaseka kwambiri pamsonkhano paja, anakweza dzanja.

"Asiyeni alendo adye, apongozi. Udzuwo ndi wawo."

Hatchi inachira, ndipo eni ake anadzaitenga ili yamoyo. Koma ine ndikukanabe kuti ndinalakwa. Nyama imene imadwala ndi chimanga cha pa Ulongwe n'kuchira ndi denga ndi yopanda mwambo, ndipo siyenera kuitanidwa pa ukwati wa anthu. Chimene chikundiwawa n'chakuti mng'ono wake wa Esinati akukwatiwa chaka chino, ndipo ku komiti ya mayendedwe andichotsako popanda kundifunsa. Achemwali andiika ku zakudya. Akuti ndikachereze akuchimuna.