Rejista ya Enelesi Kamwendo

Usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano mtima sunabwerere m'malo mwake. A Zgambo, siyani kaye makope mukuchongawo, ndipo inu Mayi Likongwe kankhani chitsekocho, ana angamve mphunzitsi wawo akubwebweta.

Mukudziwa kuti lero Lachisanu ndi tsiku lomaliza kupereka fomu ija ya ku yunivesite, ya digiri yachiwiri ya uphungu wa ana asukulu. Zonse ndinalemba kalekale, dzina, zaka, masatifiketi, ndipo makalata awiri ondiikira umboni ndinamata. Linatsala bokosi limodzi lokha, la nambala 9, lofunsa kuti, "Fotokozani chimene chakuchititsani kufuna kukhala mlangizi wa ana." Mwezi wathunthu ndakhala ndikungoliyang'ana, chonsecho fomu yosadzaza salandira.

Ndiye m'malotomo dzuwa lili pamutu, ine ndavala suti yanga yabuluu ija yothina m'mapewa, fomu ili m'khwapa, ndikudikira minibasi. Mwadzidzidzi fomuyo n'kutsokomola.

"Madamu Nachisale, mwandipana," inatero. "Komanso ndili ndi njala. Paliponse mwandidyetsa inki, koma pamimba penipeni mwasiya mbee."

"Ndilemba tikafika," ndinaiyankha.

"Munateronso Lolemba."

Ndiye minibasi inafika, m'katimo m'malo mwa mipando muli madesiki, kondakitala wake ndi choko chachitali chovala chipewa. Chikukuwa, "Yunivesite! Yunivesite! Opanda mlandu mumtima akhale kutsogolo!" Anthu onse anakankhana kulimbirana kutsogoloko, ngakhale ena amene ndikuwadziwa bwino mbiri zawo, ine ndinakakhala ndekha kumbuyo pa tayala. Choko chija chikakuwa kamodzi chimafupika, chikakuwanso chimafupika, moti pofika m'tauni chinali chitatsala chipewa chokha. Ndinachimvera chisoni, chifukwa ntchito yathu ndi yomweyo.

Mwadzidzidzi ndaima pa windo la ofesi yolandirira mafomu. Kalaliki wa tayi yofiira anayamba kutambasula mkono kuti alandire, koma mkonowo umabwera pang'onopang'ono, n'kubwerera, n'kubweranso, ndiye poyang'anitsitsa ndinaona kuti bamboyo wasanduka bilimankhwe, diso lina lili pa ine, lina pa wotchi.

"Mwafulumira kwambiri," anatero, "komanso mwachedwa ndi zaka zinayi."

Chidindo chinali pambali pake chinanunkhiza fomu yanga n'kudzikoka. "Ine pepala lanjala sindimenya. Apite nalo kwa akuluakulu."

Ndiye pakhonde ndinakumana ndi mlembi wa nsapato zazitali, amene pondipatsa moni anali kale mbuzi. Anasolola kalata ya ahedi athu n'kuyamba kutafuna. "Ilibe mchere," anadandaula. "Aliyense wobwera kuno ndi wolimbikira ntchito, aliyense ndi wosunga nthawi. Nanga ana osowawo amasowa m'manja mwa ndani?"

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka chokha, ndili m'chipinda chachitali ngati tchalitchi. Patsogolo pakhala aphunzitsi atatu a pa yunivesite, atavala mikanjo yakuda. Wapakati anavula magalasi, maso ake n'kukula, n'kukula, mpaka anakhala kadzidzi. Wakumanja anamira m'kolala yake n'kukhala fulu. Wakumanzere sanavutike n'komwe, anali khwangwala kuyambira kale.

"Chifukwa chanu," anatero kadzidzi.

Ndinayamba zija ndinaloweza. Ndinati ndimakonda ana kuyambira ndili wamng'ono, ndinati ana ndi atsogoleri a mawa. Mawuwo potuluka m'kamwa amagwa pansi waa, ngati gaga. Khwangwala anatsika, najompha pang'ono, nalavula.

"Madeya okhaokha," anatero.

Ndiye kadzidzi anapisa pansi pa phiko n'kutulutsa rejista yachikuto chobiriwira, yodyedwa ndi chiswe pakona. Ndinaizindikira nthawi yomweyo.

A Zgambo, inu munali musanabwere pa sukulu pano, ndiye imvani. Mayi Likongwe akudziwa. Zaka zinayi zapitazo ndinali ndi Folomu 2 ya ana 112. Ndinkaitana maina mutu uli pa buku, kuthamangira kuti phunziro liyambe, ndikamva "Ndilipo" ndachonga. Munali mtsikana wina wofatsa, Enelesi Kamwendo, wochokera kutsidya kwa mtsinje. Ankagona m'kachipinda ka lendi kumsika monga amachitira atsikana akutali, Loweruka n'kumapita kwawo kukatenga ufa. Atayamba kujomba, anzake ankamuyankhira, kumuchitira chifundo kuti asadzatchetche udzu. Tsiku lina ana ataweruka kunabwera amayi ake, thumba la ufa lili pamutu. Anati mwana sanabwere Loweruka, ndipo kuchipinda apezako loko. Ine ndinatsegula rejista n'kuwaonetsa mzere wake, ngakhale ndinaona kuti satha kuwerenga. Ndinati, "Onani nokha, mayi, lero lomwe anali m'kalasi. Wapita kowerenga ndi anzake." Anawomba m'manja kundithokoza, nabwerera. Tinadziwa mwanayo atasowa masabata atatu kuti bambo wina wogula soya anamutenga n'kuwoloka naye malire. Mpaka lero palibe anamuonanso. Rejistayo ndinaiponya pansi pa kabati, ndipo za rejistayo ndi amayi aja sindinazikambepo ndi munthu.

Ndiye m'malotomo kadzidzi anandikankhira rejista ija. "Itanani."

Nditatembenuka, chipinda chija chasanduka kalasi yanga, koma mulibe mwana ngakhale mmodzi. Ndinayamba kuitana, ndipo dzina lililonse limayankhidwa ndi chinthu. Desiki inati ndilipo. Windo losweka lija linati ndilipo. Tsache kuseri kwa chitseko linati ndilipo, madamu, koma ndadwala. Ndinatsika mzere ndi mzere mpaka chala chinaima pa nambala 47.

"Enelesi Kamwendo."

Kalasi yonse inayankha pamodzi, madesiki, malata, bolodi, ndi misomali yomwe. "Ndilipo!"

Mwadzidzidzi pakhomo paima amayi aja. Chitenje chomwe chija, thumba lomwe lija pamutu, koma labooka, ufa ukuthothoka pang'onopang'ono, wawayeretsa nkhope ndi mapewa, ndipo kumbuyo kwawo mzere woyera wapita mpaka kumtsinje. Khosi lawo linali litapindika. Anagwada movutikira, dzanja limodzi likugwira thumba.

"Pepani aphunzitsi, ndakusokonezani. Mwana wanga alipo?"

Fulu anatulutsa mutu n'kundinong'oneza. "Nenani kuti alipo. Buku likutero, ndipo za m'buku sitikangana nazo. Mukatero malo anu mwapeza, chidindo chili panja chikudikira."

Anzanga, ndisakunamizeni, ndinafuna kutero. Malo amenewo ndawalakalaka zaka zambiri, ndipo lilime linali litayamba kale kupinda. Koma fomu ija m'khwapa inayamba kulira ngati khanda, ndiye ndinadzutsa mutu, chinthu chimene sindinachite nthawi ija, n'kuyang'ana pa desiki yachitatu pafupi ndi khoma, pamene ankakhala Enelesi. Panali fumbi basi.

"Palibe, mayi," ndinatero. "Ngakhale tsiku lija kunalibe. Sindinayang'ane. Ndinakubwezani ndi bodza, ndipo mukanayamba kumufuna tsiku lomwelo, mwina mukanamupeza asanawoloke."

Kadzidzi anatseka maso, khwangwala anayang'ana kumbali. Ndinadikira kuti amayiwo anditukwane, ndipo ndikanakondwa akanatero. Koma anangopuma mozama.

"Zikomo, aphunzitsi. Ndimadikira wina andiuze, kuti nditule. Tandithandizani, lalemera."

Ndinagwira thumba lija kuti tilitsitse, koma linali lolemera ngati muli miyala, ndipo manja anga amangoterereka. Tinalimbana nalo awiriwiri, ufa ukutilowa m'maso, ine ndikulira, iwo akundiuza kuti gwirani cha apa, mwanawe, gwirani cha apa. Litangotsala pang'ono kufika pansi, ngwee! ngwee! ngwee! mlonda akumenya chitsulo cha sukulu kuitana ana osesa.

Ndinadzuka pilo atanyowa. Ndisanasambe n'komwe ndinatenga cholembera, ndipo fomu ndi iyi. M'bokosi lija ndalembamo mizere inayi yokha, woyamba ukuti, "Ndinachonga mwana kuti alipo masiku khumi ndi asanu, iye kulibe." Kaya akawerenga anditenga, kaya aitaya, sindikudziwa.

Mayi Likongwe, mundigwirireko kalasi ikatha nthawi yopuma. Ndikakapereka fomuyi sindibwerera kuno, ndikwera kabaza kupita kutsidya kwa mtsinje. Amayi a Enelesi ndawauza kutulo kokha, pamaso sindinawauze.