Lachiwiri limene linandidyetsa mfutso

Mukandiona ndikukana ndiwo za mfutso musamati ndine wonyada. Ndinadya thumba lathunthu chaka chatha, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya loji ina yogona alendo ku Chinzombo. Tili ndi kapulogalamu kamene kamatumiza uthenga pafoni kwa azimayi a ku Jumbe olima repu ndi tomato, kuwauza tsiku lobwera galimoto yathu kudzatenga ndiwo. Uthengawo unkapita m'Chingerezi, azimayi n'kumadandaula. Abwana atafunsa amene angaikemo Chinyanja, dzanja langa linali kale m'mwamba (kosi ya kompyuta ndinachita ya milungu itatu yokha ku Chipata, koma mapewa ndinkakweza ngati ndine ndinapanga makinawo).

Nditatsegula ndinapeza masiku alembedwa ndi manambala, wani mpaka seveni. Ndinaseka ndekha. Wani ndinaika Lolemba, thu Lachiwiri, firii Lachitatu, mpaka kumapeto. Ngakhale mwana wa giredi wani akanatero. Sindinafunse munthu, sindinayese n'komwe.

Kani anzathu amene anapanga kapulogalamuko mlungu wawo umayamba Lamulungu! Thu wawo ndi Lolemba lathu.

A Mwale, dalaivala wathu, amawerenga za Chingerezi, ndiye anapita Lolemba. Pamsewu anapezapo mbuzi zokha, iwo n'kupitirira kukagula ndiwo ku Chipata. Azimayi anafika Lachiwiri monga unanenera uthenga wanga, mabeseni pamutu, n'kukhala padzuwa la Okutobala mpaka repu yense anafota. Mtsogoleri wa gulu la azimayiwo ndi apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Manyazi osanena.

Abwana ankati aimbe mlandu a Mwale, ndiye ndinangoulula. Lachitatu m'mawa tinapita tonse kukatenga tomato, amene mwamwayi anali akadali bwino. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, choncho ndinanjuta chapatali, maso pansi, kupepesa kudzera mwa mlamu wanga.

Apongozi sanakalipe. Anangouza mlamuyo kuti, “Uwauze abambowo kuti repu sitinataye. Tafutsa. Akadye okha, poti tsikulo anasankha ndi iwo.”

Madzulo ake ndinakonza manambala aja, ndipo ndisanatumize kwa gulu lonse ndinayamba ndayesa pafoni ya mkazi wanga kasanu konse. Lero uthenga umafika bwinobwino m'Chinyanja, azimayi asiya kufunafuna wowawerengera, ndipo a magulu ena akupempha kuti tiwaikiremo Chikunda (ndavomera, koma ulendo uno ndikufunsa kaye, pakuti safunsa anadya phula, ine ndinadya mfutso).

Koma mpaka pano uthenga ukangolowa, foni ya mkazi wanga imalira. Ndimamva mawu a apongozi ndili pakhomo: “Tawafunsa amuna akowo, Lachiwiri limeneli ndi lathu kapena la makina?”