Alamu Atatu a Pirmin

Aliyense m'mudzi wa m'phiri uja ankadziwa kuti a Pirmin Zenklusen ankakangana ndi alamu awo tsiku lililonse, ngakhale alamuwo anali kutali ku chigwa. Ankakangana nawo m'kompyuta ya kunyumba yosungira tchizi.

Tchizi iliyonse ikalembedwa tsiku lopangidwa, kompyutayo inkawerengera yokha madeti atatu, lililonse m'bokosi lake: lotembenuza, lotsuka ndi madzi amchere, ndi lotulutsa. Mabokosiwo a Pirmin anawapatsa mayina a azichemwali a akazi awo: Trudi, Rosli ndi Agnes.

Mayi Vreni Imboden, amene ankasamalira mashelefu, ankangomva phokoso kuseri kwa chitseko, pakuti kompyutayo sinkakhudzidwa ndi munthu wina.

"Trudi, wakakamiranso pa dzulo! Kunja kwacha, mayi iwe!"

"Mwatani kodi, a Pirmin?"

"Wasiya kuwerengera. N'chimodzimodzi mwini dzinalo, nkhani ya chaka chatha sinathebe."

Tsiku lina anali Rosli. Anatulutsa madeti ooneka bwino, koma atauzidwa kufufuza za sabata yonse sanapeze kanthu. A Pirmin anamufunsa mafunso mpaka chakudya chawo chinazizira, n'kupeza kuti madetiwo ankasungidwa ngati mawu wamba.

"Wavala ngati deti, koma m'kati ndi miseche yokhayokha," anatero akupukuta magalasi.

"Akadzakumvani akazi anu?"

"Anayamba ndiwo kunena zimenezi."

A Pirmin anamwalira chipale chofewa cha m'phirimo chitayamba kusungunuka, ukwati wa Seraina, mwana wa mayi Vreni, utayandikira. Mwa mwambo wa kumeneko, tchizi yopangidwa mwana atabadwa imadyedwa pa ukwati wake. Ya Seraina inali penapake pakati pa zikwi za zinzake zofanana nkhope, ndipo a Pirmin anali ataiikira tsiku lotuluka: Lachisanu, ukwati uli mawa lake.

Lachisanulo mayi Vreni anakhala pampando wa malemuwo koyamba. Pofuna kutsimikiza, analemba detilo m'mabokosi onse atatu pamzere umodzi. Kompyuta inati palibe. Anabwerezanso. Palibe.

Seraina anasuzumira pakhomo. "Amama, tingotenga ina iliyonse. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine. Ndinaikanda ndekha uli kumsana."

Mayi Vreni atayang'ana mayina atatu aja, anamva ngati a Pirmin akudandaula kuseri kwa chitseko: atatuwa sanagwirizanepo pa chinthu chimodzi chibadwire, ukawafunsa pamodzi onse amangoti duu. Inde, palibe tchizi imene ingatembenuzidwe, kutsukidwa ndi kutuluka tsiku limodzi. Anafufuta zonse, n'kufunsa Agnes payekha.

"Pepani a Agnes, tithandizeni."

Agnes anayankha nthawi yomweyo: shelefu yapamwamba, kumapeto kwenikweni.

Paukwati, Agnes weniweni anadya magawo awiri, n'kunena kuti mlamu wake uja anali munthu wofatsa, sanamuyankhepo mwano ngakhale kamodzi. Mayi Vreni anatsamwa ndi vinyo.

Masiku ano kompyutayo imagwira ntchito mwakachetechete, ndipo m'chipindamo mumangomveka madzi amchere akudontha. Koma Trudi akakakamira pa dzulo, mayi Vreni amatseka chitseko, n'kumukalipira pang'ono. Amati sachita bwino ngati a Pirmin, komabe alamu sasiyidwa opanda wokangana nawo.