Mlandu wa Yamikani ndi Sewero la Chitsime

Lolemba

Abambo, lembani momwe ndikunenera, musawonjezere zanu. Yambani ndi ana.

Tiyamike, woyamba: namwino ku Blantyre. Amabaya jakisoni ngakhale anthu ovala matayi.
Madalitso: ali ndi galaja yakeyake pa Songani. Galimoto yakufa ikangomuona imalira.
Esinala: mphunzitsi ku Malosa. Akalowa m'kalasi ana a eni ake amaimirira.
Yamikani, mzime wanga: anamaliza maphunziro owerengera ndalama, satifiketi ili m'galasi pakhoma. Panopa amachita masewero.

Apa abambo aima, akufunsa ngati masewero alembedwe pamodzi ndi zopambana za enawo. Alembedwe, koma ndi pensulo.

Nkhani ndi iyi. Alongo anga a Mulewa, eni mbumba, amupezera Yamikani ntchito ya ukalaliki kumene amacheka matabwa ku phiri. Akufuna yankho Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Mwana akukana. Akuti gulu lawo likukonza sewero lakalekale la kutsidya kwa nyanja, lomwe analitembenuzira m'Chichewa, ndipo alionetsa Loweruka.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma mlandu ndimaudziwa. Suweruza za munda usanaupondemo. Ndiye dongosolo langa ndi ili:
kukaonera pomwe akukonzekera sabata yonse,
kupeza zoipa zake,
kuzitula kwa amalume ake Lamulungu, mwana akayambe ntchito.

Esinala wandiuza pa foni kuti sewero amaliphunzira m'zinthu zitatu: atengambali, zifanifani ndi mfundo zikuluzikulu. Atengambali akuti ndi anthu a m'nkhanimo. Zinazo ndizimva kutsogolo. Zitatu zokha! Chimanga chili ndi ntchito zambiri kuposa pamenepo.

Lachiwiri

Atengambali. Akukonzekerera m'holo yakale m'tauni, yonunkha mileme. Ndakhala pa benchi yakumbuyo, ambulera pamiyendo, nkhope nditakwinya kuti adziwe kuti sindinabwere kudzacheza.

Nkhani yake: mumzinda mwagwa chilala. Chitsime chatsala chimodzi. Mfumu yalumbira pamaso pa anthu kuti aliyense womwetsa mlendo madzi a chitsimecho aphedwa. Wolondera chitsime ndi mwana wa mfumu yomweyo, ndipo ameneyo ndiye Yamikani. Palinso mfumukazi, mayi wofatsa amene amaona tsoka likubwera koma palibe womumvera. Mayina awo ngothyola lilime, sitilemba.

Wochita mfumu ndikumudziwa. Ndi bambo wowonda uja amagulitsa mabulosi pa msewu wokwera ku phiri, amene ndinakangana naye chaka chatha chifukwa cha mbale yosadzaza. Amufunditsa nsalu ya pabedi, amupatsa mpini wa tsache. Ndakonzeka kuseka. Walowa, wayang'ana holo yonse pang'onopang'ono, ndipo ndangozindikira kuti ndaimirira. Ine, kuimirira wa mabulosi! Ambulera yagwa pansi.

Kenaka Yamikani. Kunyumba amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Muno mawu ake akukafika kukhoma n'kubwerera. Mawu amenewa amawasunga kuti zaka zonsezi?

Zoipa zomwe ndapeza lero: mileme.

Lachitatu

Zifanifani. Lero akwera phiri kupita ku mtsinje wa Mulunguzi, akuti akaphunzire kukweza mawu kuposa mkokomo wa madzi. Madalitso wandikweza pa galimoto ya kasitomala yomwe amaiyesa mabuleki. Ndapemphera njira yonse. Kumtunda kukuzizira, nkhungu ili m'mitengo ya paini.

Popuma ndafunsa Yamikani kuti zifanifani n'chiyani. Wandiuza kuti ndingomvetsera chimene anthu a m'seweroli amatchula akafuna kunena za chikondi. Ndamvetsera. Madzi! Mfumukazi sinena kuti mwamuna wake wauma mtima. Imati mtsuko wa m'nyumba mwawo wang'aluka pansi, imathiramo m'mawa, madzulo mulibe kanthu. Mfumu ikakwiya imatchula fumbi. Mwana akamachonderera amatchula mame.

Ndiye kuti munthu amene analemba seweroli anakhala pansi kalekale, kudziko kumene sadziwa n'komwe kuti kuli Zomba, n'kubisa madzi m'mawu onse monga timabisira mbewu m'phulusa. Malemu amayi anga anali ndi mtsuko wotero, ankaumata ndi phula osafuna kuutaya. Munthuyo anaudziwa bwanji?

Pofika kunyumba ndalephera kutaya madzi otsukira mbale. Ndaima nawo pakhomo, kenaka ndathirira mpiru. Abambo akuti mpiruwo unauma mwezi watha. Lembani, musatsutse.

Zoipa: palibe. Mawondo okha.

Lachinayi

Mfundo zikuluzikulu. A gulu lija akuti ndi zimene sewero likufuna kutiuza popanda kutiloza chala. Atchula lumbiro, kudzikuza ndi chifundo.

Lero afika pakati pa nkhani. Mayi wachilendo wabwera pachitsime, khanda kumsana, milomo yong'aluka. Yamikani wayang'ana uku ndi uku, watunga, wamumwetsa. Ine pa benchi: "Wachita bwino, mwananga." Onse acheuka.

Tatsutsana ndi abambo mpaka nyemba zapserera. Iwo akuti mfumu sinalakwe, chifukwa munthu akalumbira pagulu n'kubweza mawa lake, lamulo latha, aliyense atunga, chitsime chiuma, mzinda wonse ufa. Ine ndikuti lamulo lodya mwana wako si lamulo. Choopsa n'chakuti ndikamvetsera iwo ndikuona kuti akunena zoona, ndikadzimvetsera ndekha ndikuonanso zoona. Zaka zonse za banja lathu zimenezi sizinachitikepo.

Ndaimbira Esinala. Akuti n'chifukwa chake limatchedwa sewero latsoka: aliyense ali ndi chilungamo chake, koma mapeto ake ndi manda.

Manda a yani? Ndamukakamiza kuti anene. Kenaka wanena kuti mwana wa mfumu amaphedwa, amagonekedwa pansi pamaso pa anthu, ndipo mvula imagwa iye atafa kale.

Mwana wanga wamoyo kugona ngati mtembo! Malodza amenewo. Abambo, apa lembani ndi zilembo zikuluzikulu. Mlandu ndaupeza.

Lachisanu

Ndapita ndi mtima wabwino: akonze mathero, ine ndiwakhululukire. Wotsogolera gulu ndi mayi wa magalasi, a Chikopa. Andilandira mwaulemu, andipatsa mpando wotsamira.

Ndafunsa funso limodzi. Amalume ake a mwanayu ali kuti? Bambo angaphe bwanji mwana wa eni ake mbumba isanakhale pansi? Kwathu kuno mkamwini atangoyerekeza, angapezeke ali pa msewu ndi mkeka wake kumutu. Abambo akuti mawu amenewa asalembedwe. Alembedwe. Ndapereka nzeru yaulere: alowetsemo malume mmodzi, ngakhale wamfupi, abwere ndi nkhuku, akambirane, nkhani ithe, mvula igwe onse ali moyo.

A Chikopa aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti kudziko kumeneko mwana ndi wa bambo, ndipo m'sewero lonse mulibe malume. Dziko lopanda amalume! Nanga anthu zikawavuta amathawira kuti? Tsopano ndayamba kumvera chisoni mfumu ija. Inalibe woigwira dzanja.

Yamikani wandiperekeza pokwerera minibasi. Akuti mwanayo akapulumuka, anthu adzaomba m'manja n'kukagula chipisi. Akafa, bambo wina adzafika kunyumba n'kuyang'ana ana ake kawiri. Wandipempha ndilonjeze kuti mawa ndikhala pansi ndiponso ndikhala chete. Ndalonjeza.

Mlandu wa malodza udakalipo, koma wayamba kuwonda.

Loweruka

Holo yadzaza, ena aima m'mawindo. Ife tili kutsogolo. Chitenje changa cha nkhanga ndachikoleka paphewa chifukwa cha mphepo. Alongo anga a Mulewa abweranso, akuti adzaone chimene chikudya satifiketi.

Ndikudziwa kuti ndi sewero. Ndikudziwa kuti lupanga ndi la katoni, ndinaona akulipaka utoto. Ndikudziwa kuti mvula ndi chimanga chimene amakhuthulira pa lata kuseri kwa nsalu. Zonse ndikudziwa.

Amugoneka. Onse achoka. Mfumu yatsala yokha, ikuyankhula ndi chitsime. Mwana ali gone pa simenti, nkhope poyera, maso a anthu onse ali pa iye, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womufunditsa. Ine ndakhala ndikukonza maliro m'mudzi mwathu kuyambira ndili ndi mano onse. Mtembo susiyidwa chomwecho, ngakhale wa wakuba.

Miyendo yanyamuka yokha. Ndakwera masitepe, ndamufunditsa nkhanga zanga kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndapinda m'mbali monga timachitira. Anthu aseka. Wina kumbuyo wakuwa kuti agogo alowa m'buku. Abambo abisa nkhope m'chipewa.

Koma mwana sanagwedezeke, ngakhale chala. Yamikani, amene sangamalize pemphero la chakudya osadzikanda! Ndipo wa mabulosi uja sanataye ufumu wake. Wandiyang'ana ngati ndine mmodzi wa anthu a mumzinda wake, wagwada, wagwira nsonga ya chitenje, wapitiriza mawu ake. Kuseka kwazima kokha. Chimanga chayamba kugwa pa lata. Ndatsika ndikulira, ndipo sindinali ndekha. A Mulewa akupukuta m'maso, akuti m'holomo muli fumbi lambiri.

Lamulungu

Yamikani wadzuka wamoyo, wadya mbatata ngati wochokera ku ulendo. Malodza sanabwere.

Wandibwezera chitenje chitapindidwa bwino. Akuti a Chikopa anena kuti ndine wolandiridwa nthawi zonse, koma mpando wanga uzikhala kumbuyo, pakati pa anthu awiri amphamvu. Ndapepesa chifukwa chophwanya lonjezo. Iye wati: "Amayi, chitenje chanu chimanunkha utsi wa kukhitchini kwathu. Ndinatsala pang'ono kulira, koma wakufa salira. Sindinagwirepo ntchito yolemera ngati imeneyo."

Titaweruka ku tchalitchi a Mulewa akhala pakhonde, afunsa zoipa zomwe ndasonkhanitsa. Ndawauza kuti choipa chenicheni ndinapeza chimodzi, ndipo chimenecho anachiona okha chikukwera masitepe. Za ntchito ya matabwa ndati aipereke kwa mwana wina wa mbumba. Mtima ukuwawa, chifukwa ntchito ili ndi malipiro, sewero lili ndi m'manja mokha. Sindikudziwa kuti mwanayu azidya chiyani. Koma ndaona chimene ali, ndipo sindingachichotse m'maso.

Alongo anga akanda chibwano. Akuti nkhani yotere sitingaimalize awiri. Mbumba yonse ikhale pansi, ndipo womuyankhulira mwanayu ndidzakhale ine, popeza ndine ndaphunzira. Ndinayamba sabata ndili wodandaula, ndikuimaliza ndili mboni ya woimbidwa mlandu. Basi, zagwa zatha.

Abambo, izi lembani mwaukhondo, titumize kwa onse. Banja lonse likumana kwathu kuno Loweruka loyamba la mwezi wa Ogasiti, m'mawa. Tiyamike apemphe tchuthi msanga. Madalitso akatenge amalume ake aang'ono, koma pa galimoto ya mabuleki. Esinala abwere ndi buku la sewerolo dzulo lake, chifukwa abale adzandipanikiza ndi mafunso, ndipo mfumukazi ija sindinaimvetse bwinobwino.