Mimba Yanga ya ku Chinkhoswe cha ku Nathenje

Mpaka lero kuli amayi ena ku Nathenje amene akandiona amayamba ayang'ana pamimba asanandipatse moni. Sindiwadandaula, ndinaziyamba ndekha.

Ndimagwira ntchito mu labu ya kachipatala kena kufupi ndi Mitundu. Chaka chatha tinagoneka bambo wina wolima fodya pa esiteti, a Jailosi, amene anadzitema ndi khasu pamwendo. Chilonda chinakana mankhwala amitundu itatu, ndipo adokotala anali atayamba kunena zowatumiza kutauni kukadula mwendo.

Njira yathu yodziwira mankhwala oyenera ndi yosaboola m'thumba. Timapaka tizilombo ta pachilonda m'timbale tapulasitiki, n'kuikamo timapepala tozungulira, kalikonse ndi mankhwala ake. Kenako timafunditsa timbaleto m'bokosi la magetsi mpaka mawa lake. Mankhwala amene akugwira ntchito amasiya bwalo loyera, losamera tizilombo.

Lachisanu madzulo, nditangomaliza kupaka, magetsi anathima. Jenereta nayo inali itafa.

Ndinakumbukira kuti bokosilo limangotengera kutentha kwa thupi la munthu. Thupi ndinali nalo (lokwanira bwino ndithu). Ndinamata timbale tinayi ndi tepi, kukulunga kalikonse m'jumbo lakelake, n'kudzimanga nato pamimba ndi chitenje. Vuto linali limodzi: Loweruka m'mawa kunali chinkhoswe cha mlamu wanga ku Nathenje, ndipo amuna anga anali atatsogola kale. Kujomba sikukanatheka.

M'mawa mwake, wanjinga yamoto amene amandinyamula masiku onse atandiona anati, “Amayi, musadandaule, mabampu onse ndiwazemba.” Ndinangothokoza. Sanandiyendetsepo mwaulemu chotero.

Titafika, apongozi anga anaponya chikho chimene anali nacho, nthungululu kuti lululu! (Dziwani kuti ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana wanga womaliza ali ku sekondale.)

“Amake Chisomo, mpaka kutibisira chonchi? Bweretsani mpando! Asayandikire kumoto ameneyu!”

“Amayi, si choncho ayi...”

“Khala chete, mwana wanga, manyazi a chiyani?”

Amuna anga anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula benchi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. Ndinadziwa kuti akuwerenga miyezi.

Ndikanaulula pomwepo. Koma thobwa linabwera, chiwindi cha mbuzi chinabwera, wina akundikupiza ndi chivundikiro cha poto. Zaka zonse za ukwati wanga pa zochitika ndimakhala wotsuka mapoto. Ndinati ndiulula ndikatha kudya.

Chinandigwetsa ndi nyimbo. Atayitana ife akuchimuna kuti tilowe m'bwalo, miyendo inanyamuka yokha. Ndinadula chiuno kamodzi, kawiri, kachitatu mfundo inamasuka. Mimba yonse inatsetsereka n'kugwa pansi kuti phwa! Majumbo anayi, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.

Woyimba anazimitsa choyimbira. Mayi wina wa kuchikazi anakuwa, “Zithumwa!” Anthu anabwerera m'mbuyo.

“Musakhudze!” ndinatero, zimene sizinathandize konse.

Ndinatola jumbo limodzi kuti ndione ngati kambale kasweka. Kanali bwinobwino. Nditakaloza kudzuwa ndinaona tizilombo tamera mbale yonse, mpaka kukwera timapepala tija, kupatula kamodzi. Kameneko kanali pakati pa bwalo lalikulu, loyera mbee. Kambale kachiwiri chimodzimodzi.

Manyazi onse anathawa. Ndinakuwa, “Mankhwala apezeka! Mwendo wapulumuka!” Ndinayimbira adokotala pomwepo, m'bwalo momwemo, ndikuvinavina popanda nyimbo. Mankhwalawo tinali nawo m'kabati nthawi yonseyi.

Kufotokozera khamu lija kunanditengera ola lathunthu. Ankhoswe anachita kupanga mzere kudzaona bwalo loyera la m'kambale lija, manja ali kumbuyo. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Ndiye kuti mwana palibe?” Nditavomera, anandilanda mpando n'kundilozera kumapoto.

Patatha milungu itatu, a Jailosi anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo iwiri. Anabwera pawindo la labu n'kunena kuti, “Ndamva kuti munandiberekera matenda anga kumimba.” Nkhani inali itafika kale ku Mitundu ine ndisanafike.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ndinakasoketsa lamba wa matumba anayi ndi zipi kwa telala. Magetsi akathima ndimamangabe. Kungoti masiku ano ndimayamba ndayimbira foni apongozi.